Gitala ya Magetsi ndi Zipangizo Zosintha Liwu Lace

Lero tiona funso limene woimba gitala aliyense akumana nalo asanakwere pa nsanja: kodi anyamule tizipangizo tambiri, kapena bokosi limodzi? Yankho lace lili m'mbiri.

M'caka ca 1962 kampani ya Gibson ku America inatulutsa Maestro Fuzz-Tone, kabokosi kopondedwa ndi phazi kamene kanali kupotoza mphamvu yocokera m'gitala kuti liwu lituluke losasa. Mu 1967 kunabwera wah-wah, imene iliritsa gitala monga khanda. Jimi Hendrix ndiye anachukitsa kwambiri kaimbidwe kotere.

Pa nthawiyo mizinda ya m'mbali mwa njanji inali kukula. Ku Kafue fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inatsegulidwa mu 1970, pafupi ndi ya nsalu ya Kafue Textiles. Wanchito wolandira malipiro anali kutha kugula wailesi ndi malekodi, ndipo anyamata anamva liwu lacilendolo nalisandutsa lao. Umo ndimo munabadwira Zamrock. Pamene Pulezidenti Kaunda analamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za kwathu, magulu anacuruka: Amanaz anatulutsa lekodi ya Africa mu 1975, Ngozi Family ya Paul Ngozi inatulutsa Day of Judgement mu 1976. Koma mtengo wa mkuwa utagwa, ndalama zakunja zinasowa, zipangizo zinabvuta kupeza, ndipo m'zaka za m'ma 1980 kalindula inatenga malo.

Mu 1988 kampani ya Boss ku Japan inatulutsa ME-5, bokosi limodzi losunga mau osiyanasiyana. Ubwino wa mabokosi otere uli poyera. Katundu acepa, mawaya acepa, ndipo kuponda kamodzi kusintha zinthu zingapo pakati pa nyimbo. Komabe bokosilo likafa pakati pa dansi, mau onse apita nalo pamodzi, pamene mwini tizipangizo tapatokha angocotsa koonongekako napitiriza kuimba. Fuzz Face ya 1966 inali ndi matiranzisita awiri okha, ndipo wokonza mawailesi pa msika akhoza kuiukitsa. Bokosi la kompyuta lifuna katswiri. Ndiponso amene adalira mau oikidwiratu ku fakitale amveka cimodzimodzi ndi anzace zikwi.

Mu 2023 gulu la WITCH la Jagari Chanda linatulutsa Zango, ndipo mu 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anagwiritsa nchito nyimbo ya Ngozi Family m'nyimbo yace Noid. Cimene dziko linabwerera kudzafuna ndi liwu lija la zipangizo zocepa m'manja aluso. Cotero woimba wa lero asankhe monga mwa thumba lace ndi malo oimbiramo, koma ayambe wadziwa liwu limene afuna. Cipangizo cibwere pambuyo.