Siteshoni ya Maputo: nyumba ya sitima imene inapeza nchito yatsopano

Njanji yocokera ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo, kupita ku Pretoria inatsegulidwa mu 1895. Cimene cinaikoka ndi golide wa ku Johannesburg. Migodi inkafuna doko lapafupi, komanso inkafuna anthu. Katundu ankakwera ndi kutsika pa njanjiyi, ndipo amuna zikwizikwi a kum'mwera kwa Moçambique ankadutsa pa Ressano Garcia kupita kukagwira nchito pansi pa nthaka.

Ndalama za malondawa ndi zimene zinapatsa atsamunda a Cipwitikizi mphamvu yomanga siteshoni yaikulu. Inatsegulidwa mu 1910, ndipo nchito ina, kuphatikizapo denga lozungulira lija, inatha mu 1916. Anthu ambiri amanena kuti anaijambula ndi Gustave Eiffel wa ku France, koma si zoona. Anajambula mapulani ndi akatswiri a Cipwitikizi, ndipo mmodzi mwa iwo anali Alfredo Lisboa de Lima.

Dziko litalandira ufulu mu 1975, zinthu zinasintha. Boma la tsankho la South Africa linacepetsa katundu wodutsa pa doko la Maputo, nalonso khomo la ku migodi linayamba kucepa. Kenako nkhondo yapaciweniweni, imene inatha mu 1992, inawononga njanji ndi milatho. Masitima anacepa, mabasi ndi machapa anatenga okwera, ndipo nyumbayo inatsala yaikulu kuposa nchito yake.

Vuto lotere silinagwere Maputo yekha. Ku New York, siteshoni yokongola ya Pennsylvania inayamba kugwetsedwa mu 1963, anthu nkudandaula madzi atafika kale m'khosi. Ku Paris, siteshoni ya Orsay inapulumuka cifukwa anaisandutsa nyumba yoonetsera zojambula, imene inatsegulidwa mu 1986, ngakhale kuti m'holo yake yaikulu simulowanso sitima.

Maputo anatsata njira yapakati. Masitima akunyamulabe anthu, ndipo mu 2015 kampani ya njanji ya CFM inatsegula momwemo malo osungirako zinthu zakale, kumene kuli mainjini a nthunzi, zipangizo ndi zithunzi. Bwalo la kutsogolo, limene kale linkachedwa Mac-Mahon, tsopano ndi Praça dos Trabalhadores, ndiko kuti Bwalo la Anchito.

Dzina latsopanoli likukumbutsa mbali ya mbiri imene makoma sanena. Maina a ojambula mapulani analembedwa m'mabuku, koma a anthu amene anasenza miyala ndi kuyala njanji sadziwika. Zimene iwo anaona zinatsala m'kamwa mwa ana ndi adzukulu awo, m'zilankhulo za kwawo. Ku Tete nakonso kuli njanji ya ku Moatize, ndipo kuli agogo amene akuikumbukira bwino. Mwana amene wafunsa agogo ake m'Cinyanja, nalemba zimene wamva, wasunga cinthu cimene palibe nyumba ingasunge.