Kobiri lomwe linakhala zaka 78 osasuntha

Ku Britain, chaka cha 1840 chisanafike, wolipira kalata nthawi zambiri ankakhala woilandira. Mtengo unkatengera mtunda ndi kuchuluka kwa mapepala, moti kalata yochoka ku London kupita ku Edinburgh inkadya ndalama yoposa sheleni. Osauka ankangoikana. Ochenjera ankapangana ndi abale awo tizizindikiro tolemba kunja kwa kalata: wayang'ana, wamva uthenga, wabweza osalipira.

Mphunzitsi wina, Rowland Hill, atawerengetsa anapeza kuti kunyamula kalata sikudula ayi. Chinkadya ndalama n'kuwerengera mtengo wa kalata iliyonse ndi kutolera malipiro khomo ndi khomo. Ndiye anati wotumiza azilipiriratu kobiri limodzi, kaya ikupita pafupi kaya kutali. Sitampa yoyamba, Penny Black, inayamba kugwira ntchito pa 6 Meyi 1840. Chaka chomwecho makalata anawirikiza kawiri n'kupitirira, ngakhale phindu la boma linayamba latsika kaye.

Chomwe chimandizunguza mutu ine n'choti kobirilo linakhala osasuntha mpaka 1918, nkhondo itafinya chuma. Zaka 78, abale! Pofika Epulo 2025, sitampa ya kalata yachangu inali pa £1.70. Olemba makalata achepa, koma wapositi akuyenerabe kufika pakhomo lililonse.