Nkhwangwa, Macheka ndi Weji: Mbiri ya Kugwetsa Mtengo

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, akatswiri a ku Denmark motsogozedwa ndi Johannes Iversen analowa m'nkhalango ya Draved atanyamula nkhwangwa zamwala zimene zinasemedwa zaka masauzande angapo zapitazo. Anaziika m'mipini yatsopano n'kuyamba kutema monga anazolowera, kukweza mikono m'mwamba ndi kuponya mphamvu zonse kuchokera paphewa. Miyala ija inayamba kubenthuka, ina n'kuthyoka. Patapita nthawi anatulukira kuti nkhwangwa yamwala imafuna kutema pafupipafupi, mofulumira, mphamvu ikuchokera pachigongono. Atadziwa zimenezi, amuna atatu analambula malo okwana pafupifupi masikweya mita 500 m'maola 4, ndipo mutu umodzi wa nkhwangwa unagwetsa mitengo yoposa 100 osanoledwa.

Nkhwangwa yonoledwa ndi yakale kwambiri kuposa ulimi. Kachibenthu kamene kanafukulidwa ku Carpenter's Gap, kumpoto chakumadzulo kwa Australia, n'kulengezedwa mu 2016, kanachokera ku nkhwangwa yamwala ya zaka pakati pa 44,000 ndi 49,000. Kukhula mwala pa mwala unzake mpaka kukamwa kwake kusalale kunali ntchito yotenga nthawi yaitali, koma mwala wosalala sugamphuka msanga ndipo umalowa bwino mumtengo. Pamene mtembo wa munthu wodziwika ndi dzina loti Ötzi unapezeka m'madzi oundana a m'mapiri a Alps mu 1991, pambali pake panali nkhwangwa ya mkuwa ya zaka zoposa 5,000, ya mpini wa mtengo wa yew wotalika pafupifupi masentimita 60, yomatidwa ndi phula la makungwa ndi kumangidwa ndi zingwe zachikopa.

Nthawi yonseyi weji inalipo, koma ntchito yake inali ina. Weji ndi chikhomo chophwatalala, chopyapyala kutsogolo ndi chonenepa kumbuyo, chimene amakhomera mumng'alu kuti ukule. Anthu akale ankachigwiritsa ntchito mtengo utagwa kale. Ku Somerset, ku England, kuli njira yamatabwa yotchedwa Sweet Track imene inayalidwa pamwamba pa dambo cha m'ma 3807 Khristu asanabadwe. Omanga ake analibe macheka. Matabwa a oak anawang'amba kuchokera ku zipika zazikulu pokhomera ma weji amtengo motsatira mitsempha ya chipikacho, mmodzi pambuyo pa mnzake, mpaka chipika chitatseguka. Kugwetsa kunali kwa nkhwangwa yokha, weji inkadikira pansi.

Chitsulo chitafika, osula a madera osiyana analumikiza nkhwangwa ndi mpini m'njira ziwiri. Ku Ulaya anapanga chibowo m'chitsulo, mpini n'kulowa mmenemo. Kuno kwathu ndi m'madera ambiri a Africa anachita mosemphana: chitsulo chili ndi mchira wosongoka umene amautentha pamoto n'kuubooletsa pamutu wa mpini, pamene pali mfundo yolimba. Zofukulidwa ku Nkope, m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, zikusonyeza kuti anthu ankayenga chitsulo kuno zaka zoposa 1,500 zapitazo. David Livingstone atafika pakati pa Amang'anja mu 1859 anapeza midzi ya ng'anjo, owotcha makala ndi osula amene ankapanga makasu, mikondo ndi nkhwangwa.

Nkhwangwa yamtunduwu ena amaiona ngati yotsalira, koma imagwirizana ndi nkhalango imene inabadwiramo. Kukamwa kwake n'kochepa, choncho mphamvu yonse imagwera pamalo ang'ono, ndipo zimenezo n'zimene mitengo yolimba ngati muwanga, tsamba ndi mombo imafuna. Kutema kulikonse kumakankhira mchira uja m'kati mwa mpini. Mpini ukasweka, mwini wake amasema wina tsiku lomwelo osapita kusitolo, ndipo akagulula chitsulo n'kuchitembenuza chimagwira ntchito ya kasemasema. Kumpoto kwa Zambia, Audrey Richards analemba mu 1939 za amuna a Chibemba amene ankakwera m'mitengo ndi nkhwangwa zoterezi n'kusadza nthambi zokha zoti azitenthe m'munda pa ulimi wotchedwa chitemene, thunthu n'kulisiya kuti liphukenso. Chimene nkhwangwa yathu ilibe ndi nkhongo yophwatalala, mbali yakumbuyo ya chitsulo yomenyera. Singakhomere weji, ndipo mitengo imene inkadula sinkafuna weji.

Kusintha kwakukulu kunachitikira ku North America. Azungu oyamba kukhazikika kumeneko anabwera ndi nkhwangwa za kwawo, zolemera kukamwa kokha, zopanda kanthu kumbuyo kwa chibowo. Zinkagwedera m'mwamba munthu akamatema. Mitengo yoti idulidwe inali yosawerengeka, ndipo m'zaka za m'ma 1700 osula anayamba kufupikitsa kukamwa n'kuwonjezera chitsulo kunkhongo, mpaka kulemera kwa mbali ziwirizo kunayandikana. Nkhwangwa yotere imayenda mowongoka ndipo imalowa mozama popanda mwini kudzitopetsa nayo. Mpini unali wa hickory, mtengo wolimba koma wopindika pang'ono, umene umameza kugunda kusanafike m'manja.

Mu 1826 abale awiri, Samuel ndi David Collins, pamodzi ndi William Wells, anatsegula fakitale m'mphepete mwa mtsinje wa Farmington ku Connecticut. Kufikira nthawiyo, wogula nkhwangwa kwa wosula ankailandira yobuntha n'kukataya maola ambiri pamwala wonolera. Za Collins zinkatuluka zonolanola, ndipo tauni imene inamera mozungulira fakitaleyo inatchedwa Collinsville. Makampani ena atachuluka, dera lililonse linakonda kapangidwe kake: Michigan, Dayton, Jersey, Connecticut. Kusiyanako sikunali kwa maonekedwe chabe. Chitsulo chopyapyala chimadya kwambiri mu paini wofewa koma chimabenthuka pa mfundo kapena pa mtengo wouma ndi chisanu, pamene chonenepa sichilowa mozama koma chimalavula zibenthu bwino ndipo sichikanirira. Nkhwangwa yakuthwa konsekonse, imene inafala m'theka lachiwiri la zaka za m'ma 1800, inathetsa mkanganowo poika zonse ziwiri pamutu umodzi: mbali ina yopyapyala ya mtengo woyera, ina yonenepa ya mfundo ndi mizu.

Wodula ndi nkhwangwa yokha ankatsegula kamwa lalikulu mbali imene akufuna kuti mtengo ugwere, kenaka lina kumbuyo, chapamwamba pang'ono. Makamwa onsewo anali otambalala moti weji inalibe pogwira. Mtengo ukakhala wopendekera kolakwika ankaukankha ndi mitengo yaitali, kuukoka ndi chingwe, kapena kungoulola kugwera kumene ukufuna. Pa mtengo waukulu, matabwa ambiri ankathera m'zibenthu.

Macheka aatali a anthu awiri analipo kale, koma ankadulira zipika zogona. Anayamba kugwetsera mitengo kwambiri cha m'ma 1870 ndi 1880, opanga atawonjezera mano apadera okokolola utuchi pakati pa mano odula. Apa m'pamene mbiri ya weji inatembenukira. Macheka amasiya mpata wopyapyala, ndipo akalowa m'kati, mtengo umakhalira kumbuyo n'kuwapana moti sangayende kutsogolo kapena kubwerera. Odula anayamba kukhomera ma weji achitsulo kumbuyo kwa macheka kuti mpata usatsekeke. Posakhalitsa anaona kuti weji yomweyo, akaikhomerabe, imanyamula mtengo wonse n'kuupendeketsa kumene iwo akufuna.

M'nkhalango za redwood ndi Douglas fir kugombe la Pacific, amuna awiri ankaima pamatabwa opanikizidwa m'thunthu, mamita awiri kapena kuposa kuchokera pansi, kuti apewe tsinde lotupa ndi lodzaza utomoni. Kamwa lakutsogolo ankalitsegula ndi nkhwangwa zakuthwa konsekonse, kumbuyo n'kucheka. Pakhungwa pankalendewera botolo la palafini lomangiriridwa ku ngowe, lothira pa macheka utomoni ukayamba kumata. Popeza nkhwangwa yawo inalibe nkhongo, ankanyamulanso nyundo yaikulu ndi thumba la ma weji, katundu wolemera amene ankakwera naye mapiri tsiku ndi tsiku. Mtengo umodzi waukulu unkatha kuwadyera masiku.

Mphamvu ya weji imamveka bwino ndi masamu ochepa. Pakati pa kamwa lakutsogolo ndi mpata wakumbuyo wodula amasiya mzere wa mtengo wosadulidwa, wonenepa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa thunthu. Mzerewu umagwira ntchito ngati mahinjesi a chitseko: mtengo umatha kupita kutsogolo koma sungapatukire kumbali. Tiyerekeze kuti mtengo ndi wotalika mamita 24, ndipo kuchokera pamzerewo kufika kumbuyo kwa thunthu pali masentimita 40. Weji ikakweza kumbuyoko ndi masentimita 2.5 okha, nsonga ya mtengo imasuntha mita imodzi ndi theka. N'chifukwa chake mtengo wochepa thunthu umamvera weji msanga kusiyana ndi wonenepa wa msinkhu womwewo. N'chifukwa chakenso wodula amene wadula mzere uja mpaka kuumaliza wataya chiwongolero chonse, ngakhale atakhala ndi ma weji angati.

Injini inabwera kuchokera ku Germany. Andreas Stihl anapanga macheka a tcheni oyendera magetsi mu 1926, Emil Lerp anatulutsa oyendera petulo mu 1927 pansi pa dzina la Dolmar, ndipo Stihl anatsatira ndi ake a petulo mu 1929. Anali olemera, ofuna anthu awiri. Ku Oregon, Joseph Buford Cox anayang'anitsitsa mmene mphutsi ya kachilombo koboola mitengo imatafunira thabwa, n'kupanga dzino lopindika la tcheni limene anayamba kugulitsa mu 1947. M'zaka za m'ma 1950 macheka a munthu mmodzi anafalikira, ndipo ntchito yotsegula kamwa, imene inali yomaliza kutsala m'manja mwa nkhwangwa, inapitanso kwa injini.

Weji nayo inasintha thupi. Tcheni chothamanga chikakhudza chitsulo mano amatha nthawi yomweyo ndipo macheka angadumphire mwini wake, motero opanga anatembenukira ku aluminiyamu, magineziyamu, kenaka pulasitiki wolimba. Lero weji yogwetsera imakhala yopyapyala, yaitali masentimita 13 mpaka 30, nthawi zambiri ya timizere toiletsa kuterereka. Yaifupi ndi ya mitengo yaing'ono, kumene yaitali ingagunde mzere wosadulidwa isanakweze kanthu. Yachitsulo yonenepa ija ndi yowazira zipika ndipo pogwetsa siyenera, chifukwa imakwera msanga n'kulavulidwa. Odziwa ntchito amaika weji mpata ukangokwana, mtengo usanakhalire kumbuyo, ndipo pa mtengo wolemera amaika awiri moyandikana n'kumamenya mosinthanasinthana. Akamenya kamodzi amaima n'kuyang'ana kumwamba, popeza kugundako kumagwedeza nthambi zouma, ndipo nthambi zoterozo zapha odula ambiri. Njira yothawira amailambula asanayambe, chakumbuyo mopingasa, osati kumbuyo kwenikweni kumene tsinde lingakankhire.

Pamenepa ndi pamene nkhwangwa yafika. M'manja mwa wodula wamakono imasankhidwa poyang'ana nkhongo kuposa kukamwa: ikhale yophwatalala, yolemera makilogalamu 1.5 mpaka 2.3, ya mpini wowongoka ndi wofupikirapo, chifukwa ntchito yake yaikulu ndi kukhomera weji. Kukamwa kumangosenda khungwa pamalo oika weji ndi kuchotsa tchire. Nkhongoyo ndi yomenyera ma weji apulasitiki ndi amtengo basi. Ikamamenya weji yachitsulo chibowo chimatanuka, mutu n'kuyamba kugwedera, ndipo weji imene yaphwanyika pamwamba imaponya tizitsulo tolasa maso.

Kutema kwenikweni sikunafe. Lamulo la Wilderness Act la 1964 limaletsa makina a injini m'nkhalango zina zotetezedwa za ku United States, choncho ogwira ntchito m'njira za mmenemo amaphunzirabe macheka a anthu awiri, nkhwangwa ndi weji, ndipo macheka akale amasakidwa ndi kunoledwanso. Fakitale ya Collins inatsekedwa mu 1966, koma ku Sweden Hults Bruk, imene inayamba mu 1697, ikusulabe nkhwangwa, ndipo ku Gränsfors Bruk wosula aliyense amadinda zilembo za dzina lake pamutu umene wapanga. M'misika ya ku Malawi ndi Zambia nkhwangwa ya mchira imagulitsidwa pambali pa yochokera kunja ya chibowo, ndipo osula ambiri masiku ano amaisula kuchokera ku masipuling'i a galimoto zakutha.