Fungo la Waya Wopsa: Mbiri ya Njinga za Moto kwa Mwase

Anthu amene anakhala kwa Mwase, m'dziko la see la Kasungu, m'zaka za m'ma 1970 amakumbukira mafungo awiri a mwezi wa February. Loyamba ndi la fodya wopsa m'balani, losakanikirana ndi utsi wa nkhuni. Lachiwiri ankalidziwa ndi okhawo oyenda pa njinga ya moto: kafungo kowawa ka pulasitiki yosungunuka, kotuluka pansi pa chishalo. Woyang'anira alimi akamva kafungo kameneka ali pakati pa ulendo, ankadziwiratu kuti kwawo akafika mumdima kapena akukankha, ndiponso kuti mlimi amene akumudikira pa balani adikira mpaka m'mawa. Komatu fodya wa fuluu sadikira munthu. Akangolowa m'balani amafuna moto wolinganiza bwino usana ndi usiku kwa sabata yathunthu, ndipo kulakwitsa kwa tsiku limodzi kumatsitsa mtengo wa balani yonse.

Dziko la Mwase lidayamba kale kuona alendo. Amalonda a minyanga ankadutsa pomwepa popita ku Nkhotakota, ndipo mu December 1895 asilikali a Angerezi adagonjetsa Mwase Kasungu, namanga linga lawo la Fort Alston. Akuluakulu a boma ndi amishoni a masiku amenewo ankayenda pa machila. Njinga ya moto idayamba kulowa m'malo mwa machila galimoto isanafale, pakuti inkatha kutsata kanjira ka miyendo kumene msewu kunalibe. Anthu adaipatsa dzina lotengera kulira kwake, mthuthuthu.

Njinga zoyambazo zinalibe vuto limene tikunena pano, chifukwa zinalibe batire. Triumph ya mtundu wa Model H, imene amithenga a usilikali ankakwera kuyambira 1915 pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, inkapeza moto wa pulagi ku magneto, ndipo nyali yake inali ya kabaidi, yoyaka ndi mpweya wotuluka madzi akamadonthera pa timiyala. Waya wofunika unali umodzi basi. Pofika m'ma 1930 njinga zambiri za ku Mangalande zinali ndi dynamo ndi batire ya mavoti 6, ndipo zipangizo zake zambiri zinkachokera ku kampani ya Lucas ya mu mzinda wa Birmingham. Mu 1953 Triumph idaika alternator pa njinga yake ya Speed Twin. Chipangizo chatsopanochi chinali chosavuta kupanga: maginito ozungulira pamodzi ndi injini, ndi mawaya a mkuwa okulungidwa mozungulira maginitowo. Koma magetsi ake ndi opita uku ndi uku, pamene batire imalandira magetsi oyenda njira imodzi yokha. Kotero padafunika chipangizo china chowongola magetsiwo, rectifier, ndipo mawaya ndi molumikizira mwake zidachuluka.

Apa ndi pamene padayambira nkhani. Amisiri a ku Birmingham ankalumikiza mawaya ndi timitu ta chitsulo tonga chipolopolo, tolowa m'kachubu kokutidwa ndi mphira. Pa njinga za mavoti 6 zimenezi panalibenso chipangizo cholinganiza mphamvu ya magetsi. Ntchito imeneyo inkagwiridwa ndi switchi ya nyali: munthu akayatsa nyali yaikulu, switchiyo inkalumikiza makoilo ena a alternator kuti magetsi achuluke. Ndiye kuti magetsi ochajira batire ankadutsa pa tizitsulo ting'onoting'ono ta m'switchi, pamalo pamene fumbi limalowa mosavuta. Cha pakati pa zaka za m'ma 1960 makampani a ku Mangalande adasamukira ku mavoti 12, naikapo kachipangizo kotchedwa Zener diode, kamene ntchito yake inali kusandutsa magetsi otsala kukhala kutentha. Nchifukwa chake pa Triumph ndi BSA za nthawi imeneyo pansi pa nyali pamaoneka kachitsulo ka zipsepse koziziritsira. Kutentha kwa pamenepo kunali kochita kufuna. Kutentha kwa molumikizira mawaya palibe adakufuna.

Chifukwa chake chidadziwika njinga ya moto isanapangidwe nkomwe. James Prescott Joule, mwana wa mwini fakitale ya mowa ku Salford pafupi ndi Manchester, adasonyeza mu 1841 kuti magetsi akamadutsa pamalo powapinga amabala kutentha, ndipo kuti magetsiwo akawirikiza kawiri, kutenthako kumawirikiza kanayi. Waya wa mkuwa wabwino sapinga magetsi kwenikweni. Koma pamene zitsulo ziwiri zangokhudzana pang'ono, kapena pakati pake palowa dzimbiri, magetsi onse amapanikizana podutsa pa kamalo kochepa ngati mutu wa singano. Omvera aganizire za babu la mawati 36. Pa njinga ya mavoti 12 babulo limakoka ma ampere 3, koma pa njinga ya mavoti 6 limakoka ma ampere 6. Tsono pa cholumikizira chimodzimodzi chadzimbiri, njinga ya mavoti 6 imatentha kanayi kuposa inzake. Cholumikizira chopinga ndi gawo limodzi la magawo khumi a ohm chikalandira ma ampere 10 chimatulutsa mawati 10, onsewo pa kachitsulo kosaposa njere ya chimanga, kotsekeredwa m'pulasitiki.

Choipa kwambiri nchakuti vutoli limadzidyetsa lokha. Kachitsulo kakatentha kamafooka, sikagwiranso kanzake molimba. Pakakhwefuka mpweya ndi chinyezi zimalowa, dzimbiri limawonjezeka, kupinga kumakula, kutentha nakonso kumakula. Pulasitiki yoyera imayamba kufiirira, kenaka kuda, potsiriza kusungunuka. Nthawi yonseyi fyuzi siipsa, pakuti fyuzi imateteza magetsi akachuluka mopitirira muyeso, pamene apa magetsi sanachuluke, angopeza njira yoipa. Alimi a fodya wa fuluu sangadabwe nazo zimenezi. Iwo ankadziwa kuti malo oyenera kuyang'anitsitsa m'balani ndi polumikizira mapaipi, pamene pakangotseguka pang'ono moto umatulukira nkugwira masamba ouma.

Njinga za moto zidachuluka ku Kasungu fodya atachuluka. M'zaka za m'ma 1970 bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority linkaphunzitsa Amalaŵi kulima fodya wa fuluu, kampani ya General Farming inatsegula minda ikuluikulu, ndipo maesiteti ena ambiri adamera m'nkhalango zimene kale munali misuku ndi mitondo. Lamulo la Special Crops Act linkaletsa mlimi wamba kulima fodya wa bale ndi wa fuluu popanda chilolezo, ndipo chiletso chimenechi chidayamba kumasuka mu 1990. Ulimi wa chilolezo umafuna woyang'anira. Alangizi a m'midzi ambiri ankapalasa njinga zakapalasa, koma akuluakulu awo, mamanijala a maesiteti, a zaumoyo ndi ansembe a m'maparishi ankayenda pa mthuthuthu.

Pofika nthawi imeneyo njinga za ku Mangalande zinali zikutha. Kampani ya BSA idagwa mu 1973, ndipo fakitale ya Triumph ya ku Meriden idatsekedwa mu 1983. M'malo mwake mudalowa za ku Japan: Honda, Yamaha ndi Suzuki. Honda CG125, imene idatuluka mu 1975, adaipanga dala poganizira maiko amene misewu ndi yoipa ndipo eni njinga sasintha oilo pa nthawi yake. Kunena zoona, injini zimenezi zinali zopirira kuposa zakale zija. Koma zazing'ono zambiri zinali zidakali za mavoti 6, ndipo pa izo batire yeniyeniyo ndiyo inkameza magetsi otsala. Waya wa ku batire ukangokhwefuka kapena kuchita dzimbiri, mphamvu ya magetsi inkakwera injini ikathamanga, mababu nkupsa. Eni ake ambiri adataya ndalama kugula babu ndi babu, akudandaula kuti mababu a masiku ano ndi achabe, chonsecho cholakwa chili pa kabawuti ka pa batire.

Njinga zikuluzikulu nazo sizidapulumuke. Pa zambiri za izo mumatuluka mawaya atatu kuchokera ku alternator, achikasu pa Honda, okalowa m'kapulagi ka pulasitiki. Chipangizo cholinganiza magetsi cha njinga zimenezi chimabweza magetsi otsala m'makoilo momwemo, kotero kuti mawaya atatuwo amanyamula katundu wathunthu nthawi zonse, batire idzaze kapena isadzaze. Eni a Honda Gold Wing akale ku America ndi ku Ulaya amakadziwa bwino kapulagi kameneka, ndipo ambiri amangokadula nkuwotcherera mawayawo. Ngati zidachitika pa misewu ya tala ya kumeneko, nanga bwanji pa msewu wa fumbi wa kwa Mwase?

Kuno chaka chili ndi adani awiri a waya. M'chilimwe, September ndi October, msewu umachita mabampu ngati malata, njinga imanjenjemera ulendo wonse, ndipo fumbi limalowa paliponse. Dzinja likafika mu December fumbi lija limasanduka matope, madambo otsikira ku Bua ndi ku Dwangwa amadzaza, ndipo woyenda amawoloka madzi ofika m'injini. Onjezanipo thumba la feteleza lomangidwa kumbuyo kwa chishalo. Aliyense amene adasiyapo khasu pafupi ndi feteleza wonyowa amadziwa zimene mchere umenewu umachita pa chitsulo. Nyengo imene waya amavutika kwambiri ndiyonso nyengo yothyola ndi kuwotcha fodya, pamene ulendo sungalephereke.

Zaka za m'ma 1980 zidawonjeza vuto lina. Nkhondo ya ku Mozambique idatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala cha m'ma 1983 ndi 1984, katundu nayamba kuzungulira njira yaitali ya ku Durban, ndipo zipangizo za njinga zidakwera mtengo ndi kusowa. Amakanika a pansi pa mtengo adachita zimene akanatha. Cholumikizira chopsa ankachidula, nkupota mawaya awiriwo ndi zala, nkukulunga ndi mphira wa chubu. Fyuzi ikapsa ankaikuta ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, kapena kuikapo kawaya. Sibwino kuwaseka anthu amenewa, pakuti njinga zambiri zidayenda zaka chifukwa cha manja awo. Komabe waya wopota ndi zala ndi cholumikizira choipa kuposa chimene chidachotsedwa, ndipo njinga yopanda fyuzi yeniyeni ikachita shoti imatentha mawaya onse, pansi pa thanki ya petulo.

Mmisiri wodziwa ntchito ankachita mosiyana, ndipo njira yake sinasinthe mpaka lero kwa amene akusunga njinga zakalezi. Amayendetsa injini nyali ili chiyakire kwa kanthawi, kenaka nkukhudza cholumikizira chilichonse. Chimene chafunda kuposa waya wake ndicho chodwala. Akakhala ndi mita amayeza pa batire: ya mavoti 12 iyenera kusonyeza pakati pa 13.5 ndi 14.5 injini ikuthamanga, ya mavoti 6 cha pa 7. Waya wopsa amamudula mpaka pamene mkuwa ukuwala, chifukwa mkuwa wakuda sugwira mtovu wowotcherera. Amapala pamene waya wa ethi wamangidwa ku felemu mpaka chitsulo chioneke, napaka girisi kuti madzi asalowe. Sathamangira kugula batire yatsopano kapena rectifier asanaone zimenezi, pakuti chipangizo chatsopano cholumikizidwa pa pulagi yopsa chimafanso msanga.

Kuyambira m'zaka za m'ma 2010 njinga za moto zadzaza pa boma la Kasungu kuposa kale lonse, zonyamula anthu pa kabaza. Zambiri ndi zochokera ku China ndi ku India, ndipo zina mwa za ku China injini zake zidatengera CG125 ija ya 1975. Ndi za mavoti 12, ndipo zili ndi chipangizo cholinganiza magetsi. Anyamata oziyendetsa amawonjezapo wailesi, nyali zokongoletsa ndi pochajira foni, kawirikawiri pongosenda waya ndi lezala nkupoterapo wina.