Kufatsa

Mawu oti kufatsa ali ndi matanthauzo awiri oyandikana. Munthu wofatsa ndi wodekha, wosakonda phokoso, pomwe kugwira ntchito mofatsa n'kuigwira mosamala, osapupuluma. Chimbale cha J Mascis, Several Shades of Why, chomwe chidatuluka mu 2011 kudzera ku kampani ya Sub Pop, chimakwanira matanthauzo onsewa. Mascis ndi mtsogoleri wa Dinosaur Jr., gulu la ku Amherst, Massachusetts, lodziwika ndi magitala amagetsi ogonthetsa m'kutu. Pachimbalechi adatsamira pa gitala wosalumikiza ku magetsi, moti umamva zala zikukhudza nsambo, ndi mawu ake aulesi akumveka pafupi, ngati ali nawe m'chipinda.

Ena anganene kuti uku n'kufooka chabe, kuti ukalamba udamugwira. Koma kufooka n'kutha mphamvu, ndipo Mascis sadathe: chaka chotsatira gulu lake lidatulutsa chimbale cha I Bet on Sky, phokoso lija litabwerera. Phokoso limabisa zolakwa. Likachoka, chala chikaphonya nsambo aliyense amamva, n'chifukwa chake nyimbo za mu Several Shades of Why zidafuna kuimbidwa mofatsa m'tanthauzo lachiwiri lija.