Blantyre ndi Limbe, akazi a pamitala

Sendezani mipando kuno, adzukulu anga, ndikuuzeni za matauni awiri amene inu mumawayesa amodzi.

Mkazi wamkulu ndi Blantyre. Amishoni a ku Scotland anafikapo mu 1876, ndipo posakhalitsa kunabwera kampani ya African Lakes yoyendetsedwa ndi anthu awiri apachibale, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi, anthu n'kumutcha Mandala, dzinalo n'kukakamira sitolo yonse. Agogo anga ankasimba kuti amtengatenga ankasenza mitolo ya nsalu ndi mchere kuchokera padooko la Katunga, ku Shire, n'kukwera nayo mapiri mpaka pa Mandala, makosi atauma gwa.

Mu 1908 kunafika sitima ya pamtunda. Njanji inadzera pa Limbe, ndipo kampani ya Imperial Tobacco inamangapo fakitale ya fodya. Amwenye anandandalika masitolo m'mbali mwa msewu, okushoni ya fodya nayo n'kukhazikika pomwepo. Mkazi wamng'ono, Limbe, anayamba kununkhiritsa ndiwo, wamkulu n'kutsala ndi mabanki ndi maofesi. Boma linawaika pa denga limodzi mu 1956, koma nsanje sitha ndi chikalata.

Zotsatirazi ndinaziona ndi maso angawa. Kale mwenye ankapezeka ngakhale kumudzi kwenikweni. Kwathu analipo mmodzi, telala akupalasa makina pakhonde pake. Ukagula shuga ankakuikira basela ya timaswiti, ndipo amayi ankatenga nsalu pangongole n'kudzalipira akakolola mtedza. M'zaka za m'ma 1970 a Kamuzu analamula kuti malonda a kumidzi akhale a Amalawi, amwenye apite ku Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Pofika 1978 anali atasamuka. Amene anatenga masitolo aja ambiri analibe mpamba, mashelefu anayera, mleme n'kumanga m'denga. Ndalama za amwenye zinakaunjikana m'tauni, Limbe n'kunenepa.

Koma likulu litachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, m'nyumba munalowa mkazi wachitatu. Okushoni ina itatsegulidwa ku Kanengo ku Lilongweko, fodya wa m'chigawo chapakati analeka ulendo wautali wa ku Limbe.

Awiri akalewo sanasiyanebe khalidwe. Ine mpaka lero penshoni ndimakatengera ku Blantyre, n'kukwera minibasi kukaidyera ku Limbe, kumene chitenje amalola kunenerera.