Alevi a Kwathu Kuno: Abanda, Aphiri ndi Mvula

Mkhristu wa ku Nkhotakota akamva m'tchalitchi kuti Mulungu adapatula fuko la Levi kuti lizitumikira pachihema, nkhaniyo imamveka yakutali. Komatu makolo a Achewa a m'mbali mwa nyanja muno adali ndi dongosolo lofanana nalo, loti wolamula dziko asakhalenso wolankhula ndi Chauta. Mbiri imene Samuel Ntara adasonkhanitsa m'buku la Mbiri ya Achewa, komanso zimene adafufuza Matthew Schoffeleers, zimaloza kumodzi: ufumu udali wa Aphiri, pomwe mvula ndi nthaka zidali m'manja mwa Abanda. Kalonga, amene likulu lake lidali ku Mankhamba kufupi ndi Mtakataka, adali Phiri, koma mkazi wake wamkulu, Mwali, ankachokera kwa Abanda. Mafumu amene mbiri imati Kalonga adawatuma kumpoto, monga Kanyenda wa dera la Nkhotakota, adatuluka m'dongosolo lomweli. Kugawana kotereku sikudali kukongoletsa mwambo chabe. Kudali chingwe chomangira mfumu kuti isadziyese mwini zonse.

Umboni wake uli ku Msinja, m'munsi mwa mapiri a Dzalanyama, kumene kudali kachisi wa Chisumphi (dzina lina la Chauta) atasamutsidwa kuchokera ku Kaphirintiwa. Mwini kachisiyo adali Makewana, mayi amene sankakwatiwa ngati akazi ena ndiponso sankameta tsitsi, poopa kuti mvula ingadulidwe nalo limodzi. Adali ndi omutumikira: atsikana otchedwa Matsano, Kamundi wa mtundu wa Mbewe, ndi Tsang'oma woomba ng'oma ya Mbiriwiri. Chilala chikavuta, mafumu ankatumiza amithenga ndi mphatso kukamva zimene Chauta wanena. Mfumu ya mikondo yambiri inkadikira yankho la mayi wopanda msilikali ndi mmodzi yemwe. Ku Israeli nakonso mfumu inkafunsa Mulungu kudzera mwa wansembe wa m'banja la Aroni, wosunga Urimu ndi Tumimu. Sauli atapereka yekha nsembe ku Giligala adauzidwa kuti ufumu wake sukhalitsa, ndipo Uziya atalowa m'Kachisi kukafukiza lubani adatulukamo ndi khate. Nkhani ziwirizi zidasungidwa dala kuti mafumu am'tsogolo adziwe malire awo.

Wina anganene kuti kufanizira kumeneku nkokakamiza, ndipo mbali ina akunena zoona. Alevi sadalandire chigawo cha dziko, ankakhala m'mizinda 48 yomwazika pakati pa mafuko ena nkumadya chakhumi, pomwe Abanda ankatchedwa eni nthaka chifukwa Aphiri adawapeza kale. Unsembe wa Aroni unkatsata bambo ndipo udali wa amuna okha; kwa Achewa mtundu unkatsata mayi, ndipo wamkulu pakachisi adali mkazi. Si Mbanda aliyense ankaitana mvula, ndipo Abanda ena adakhala mafumu. Koma kusiyanaku kukukhudza amene ankagwira udindowo ndi zimene ankadya, osati ntchito ya udindowo. Chotsutsa cholemera ndi china: kodi mafumu sankangogula ansembewo? Mfumu Undi, atapatukana ndi Kalonga, adaika kachisi wa ku Msinja pansi pa chitetezo chake, monga Yerobowamu adadziikira ansembe osakhala Alevi ku Beteli ndi ku Dani. Zoonadi. Koma munthu salimbana ndi kulanda chinthu chopanda mphamvu. Undi ankafuna Msinja chifukwa anthu ankamvera mawu ochokera kumeneko kuposa ake.

Chimene chidamasula chingwe chomangira mafumu chija chikuoneka bwino ku Nkhotakota konkuno. M'zaka za m'ma 1840 adafika Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, namanga ulamuliro wake pa mfuti, zombo zowoloka nyanja, ndi malonda a minyanga ndi akapolo opita ku Kilwa. Jumbe sadafune chilolezo cha woitana mvula aliyense, pakuti chuma chake sichinkadalira dzinja labwino, ndipo Chisilamu chimene adabwera nacho chidali ndi aphunzitsi akeake. David Livingstone atafika mu 1861 adapeza doko limene mwini onga ndiye adali ndi mawu. Cha kummwera, nkhondo za Angoni zidapasula Msinja m'zaka zomwezo za m'ma 1800, otumikira pakachisi nabalalika. Pamene Angerezi ankachotsa Jumbe wotsiriza pakati pa zaka za m'ma 1890, amishoni a UMCA akukhazikika ku Nkhotakota, ulamuliro watsopano udapita kwa bwanamkubwa amene sankatumiza mphatso ku kachisi aliyense, ndipo wansembe watsopano ankasankhidwa ndi sukulu ndi bishopu, osafunsidwa ngati ndi Banda kapena Phiri.